Nkhosa Inakana Mpeni

"Bwerezaninso, bambo, mwina m'makutu mwanga mwadzaza tsitsi la makasitomala," anatero Lezala uku akutsitsa kapu ya tiyi. "Mwati ndikavomere chiyani?"

"Mimba," bambo ake anayankha osaphethira n'komwe. "Ukaime pa bwalo la mpingo, ukanene kuti mimba ya mwana wa a Telala ndi yako."

"Ya Sopulano? Mtsikana wa kwaya uja? Ine moni timapatsana iye ali tsidya lina la msewu. Kodi mimba masiku ano yayamba kuuluka ngati chimfine?"

"Usalankhule zamwano pamaso pa amayi ako."

Amayi akewo anali pa mpando wa pakona, atatseka pakamwa ndi mpango. Pa zenera panaima mng'ono wake, amene aliyense ankangomutcha Kambusa chifukwa ali mwana ankalalikira nkhuku kuseri kwa nyumba. Tsopano anali mnyamata wa taye, ndipo mwezi wotsatira ankayenera kupita ku sukulu ya ubusa. Mmawa umenewo anangoti maso dwii pa nsapato zake ngati palembedwa ulaliki.

Lezala anayang'ana mng'ono wake, anayang'ana bambo ake, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Ooo! Ndiye ulaliki wa kuseri kwa nyumba uja sunathere pa nkhuku?"

"Khala chete umve." Bambo akewo anali mkulu wa mpingo, ndipo akamalankhula ankaloza chala kudenga ngati ali ndi mboni kumeneko. "Mulungu ndi wolungama. Tchimo likachitika silingangouluka ngati utsi, payenera kupezeka wolipira. Koma Mulungu yemweyo ndi wachifundo, safuna kuti wochimwa awonongeke. Ndiye anatani? Anatenga mlandu wa olakwa n'kuuika pa wosalakwa. Chilungamo chinakhuta, chifundo nachonso chinakhuta. Ndikukupempha zomwezo. Mng'ono wako ali ndi maitanidwe. Mbiri imeneyi ikamveka, sukulu yatha, dzina la banja lino lagwa. Iwe mpingo unakudula kalekale chifukwa cha mowa, angakuchitenso chiyani? Uli kale m'matope, dontho limodzi silingaoneke. Koma uyu ndi nsalu yoyera."

"Ee, lero ndakwezedwa pa udindo! Dzulo ndinali mwana wa mdierekezi, lero ndine nkhosa ya nsembe. Koma bambo, wosalakwa mukunenayo anauka tsiku lachitatu. Ine ndikavomera ndidzauka liti? Matewera sachapidwa masiku atatu okha."

"Mwanangu," amayi ake analowererapo, "magazi ndi amodzi. Mwanayo kaya atchedwe wako, kaya wa mng'ono wako, adzakhalabe wa pakhomo pano."

"Amayi, kudya kwa mnzako sungamwere madzi. Wadya ndi uyu, ludzu ligwire ine?" Anatembenukira ku zenera. "Iwe Kambusa, ukuti bwanji? Masiku onse pakamwa pako pamatuluka mavesi ngati mpopi wosweka. Lero madzi adula?"

"Ndinalapa, achimwene," Kambusa anayankha chapansipansi.

"Kwa ndani?"

"Kwa Ambuye."

"Nanga wonyamula mimbayo mwamufunsa?"

"A Telala tagwirizana nawo kale," anatero bambo ake. "Akufuna mwana wawo apeze banja, manyazi achoke pakhomo pawo. Imeneyo ndi nkhani ya akuluakulu."

"Sindikunena a Telala. A Telala alibe mimba."

Bambo ake anamenya tebulo mpaka masipuni anadumpha.

"Tamvera, iwe! Kachipinda ukumetera anthu kaja kali pa malo anga. Bwalo likhala Loweruka la sabata yamawa. Ukakandichititsa manyazi, uzikametera anthu ako pa mtengo."

Lezala anamaliza tiyi wake modekha, anavala kapusi, n'kuima pakhomo.

"Kholo lija la m'Malemba litakwera phiri ndi mwana wake, nkhosa linaipeza m'tchire. Inu ndinu amwayi, bambo, mwaipeza m'nyumba momwemo, ikumwa tiyi."

Anatuluka akuimba mluzu.

Kachipinda kometerako kanali kakang'ono, koma kwa Lezala kanali dziko lonse. Munali mpando umodzi wozungulira womwe sunkazunguliranso, galasi lothetheka pakona, benchi ya odikira, ndi chithunzi cha mameto osiyanasiyana pakhoma, ngakhale aliyense amene analowamo ankatuluka ndi meto limodzi lomwelo. Dzina loti Lezala analipezera momwemo. Masiku otsatirawo ankasesa tsitsi pansi n'kumadzifunsa kuti galasi lakelo akalipachika pa nthambi iti.

Tsiku lina masana, makasitomala atatha, munthu anaima pakhomo n'kutchinga kuwala. Anali Sopulano, atavala juzi yaikulu ngakhale kunkatentha.

"Ndamva kuti ndinu amuna anga," anatero mtsikanayo.

"Nanenso ndamva choncho. Khala pa benchipo, mkazi wanga, tidziwane."

Sopulano anafuna kuseka, koma kusekako kunasanduka misozi. Lezala anamupatsa kansalu kopukutira makosi a makasitomala, atayamba wakakung'untha.

"Anandiimika kutsogolo mpingo wonse ukuona," anayamba kufotokoza. "Anandilanda yunifolomu ya kwaya, yomwe anasoka bambo anga omwe. Abusa anafunsa kuti mwamuna wake ndani. Ine ndinakhala chete, chifukwa mng'ono wanu anandigwadira kuti ndisamutchule, akuti adzanena yekha nthawi ikakwana. Ndinaganiza kuti nthawi yakwana pamenepo. Ndinamuyang'ana. Mukudziwa ankatani? Ankaimba nawo nyimbo yondipempherera. Besi yake inkamveka kuposa ya aliyense."

"Mawu ali nawo mwanayo, chimene alibe ndi pakamwa."

"Tsopano kunyumba bambo sandilankhula. Akuti ndivomere inuyo basi, mwamuna ndi mwamuna. Anzanga a kwaya akandiona amawoloka msewu. Amayi ena anandiuza pa mpopi kuti ndisagwire ndowa yawo."

"Anyani amasekana zikundu. Ena mwa amayi amenewo anakwatiwa diresi itaonjezeredwa nsalu, ukafunse bambo ako, ankasoka ndi iwo." Lezala anakhala pa mpando wake wometera n'kumuyang'ana kudzera m'galasi. "Koma iweyo ukufuna chiyani?"

Mtsikanayo anadzutsa mutu modabwa.

"Ndinu woyamba kundifunsa."

"Ndi ntchito yanga. Aliyense akakhala pano ndimafunsa kuti ndimete bwanji, ngakhale ndimadziwa meto limodzi."

"Inu sindikukufunani, pepani."

"Palibe chopepesa, uli pa mzere wautali."

"Nayenso sindikumufuna. Chikondi chinathera pa nyimbo ija. Ndikungofuna atsegule pakamwa, anene kuti ndi iyeyo. Mwana wanga asakule akutcha bambo ake omubereka kuti bambo aang'ono, kapena chilichonse chimene angamuphunzitse. Ndachimwa, ndikudziwa, sindikukana. Koma sindinachimwe ndekha ngati munthu woba nkhuku."

"Nanga bwanji osangomutchula Loweruka?"

"Ndinalumbira. Ndipo ndani angandikhulupirire ine, pamene bambo anu akhala kudzanja lamanja la abusa?"

Atachoka, Lezala anakhala nthawi yaitali akupukuta makina ometera omwe anali oyera kale.

Lachisanu, bwalo lili mawa lake, Kambusa anabwera yekha. Anati bambo amutuma kuti ametedwe chifukwa ndi iye adzaperekere tiyi kwa akulu a mpingo. Lezala anamufunditsa nsalu, anamanga mfundo pakhosi mothinitsa pang'ono, n'kuyatsa makina.

"Achimwene, musandione ngati munthu wopanda mtima," Kambusa anayamba. "Ndasala kudya, ndalira pamaso pa Ambuye, ndipo ndinamva mumtima kuti andikhululukira. Mwazi unanditsuka."

"Unakutsukadi, ukuchita kuwala. Koma Ambuye sakusanza mmawa uliwonse. Akusanza ndi Sopulano."

"Chisomo sichigulidwa ndi ntchito."

"Weramitsa mutu. Chisomo chimenecho chimadziwa njira ya kwathu kokha? Kwa a Telala chinasochera?"

Kambusa anaweramitsa mutu. Tsitsi linkagwera pa nsalu. Kenako mapewa ake anayamba kugwedezeka, ndipo Lezala anazimitsa makina poopa kumudula khutu.

"Ndikuopa bambo," mnyamatayo anatero akusisima. "Inu munawakana kalekale, munapuma. Ine chibadwire amandiuza kuti ndine chopereka chawo kwa Mulungu. Ndili mwana ankandikweza pa tebulo kuti ndilalikire alendo. Palibe anandifunsa ngati ubusawo ndikuufuna. Ndikanena zoona ndiwapha, achimwene. Mtima wawo ndi wodwala, mukudziwa."

Lezala anayang'ana kadazi kamene makina anasiya pamutu pa mng'ono wake. Mutu womwewo ankautsuka iye ali ana. Nthabwala imene inali pa lilime inabwerera kukhosi. Kwa nthawi yoyamba anaganiza zongovomera. Mkazi analibe, mbiri yoti n'kuiteteza analibe, ndipo mwana wobadwayo akanakhala wa mng'ono wake, osati wa mlendo. Koma anakumbukiranso mtsikana uja pa benchi, akupukuta maso ndi kansalu ka makasitomala.

"Mukanakhala inu mukanatani?" Kambusa anafunsa.

"Ine ndikanayamba ndamwa kaye." Anayatsanso makina. "Tamvera. Mawa akandifunsa, sindiyankha msanga. Ndikhala chete pang'ono. Iwe ukalankhula, ine ndikhala pansi. Mlandu suwola, mng'ono wanga. Ukaukwirira lero, udzaufukula uli ndi kolala ya ubusa m'khosi."

"Nanga ndikapanda kulankhula?"

"Sindikudziwa. Tembenuka, ndikonze mbali inayo."

Bwalo linakhala m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi, mmene ankasungiramo mabenchi othyoka ndi maluwa apulasitiki. Abusa anakhala pakati pa tebulo, bambo a Lezala kudzanja lamanja, akulu ena mbali zonse. Amayi ake anakhala pamodzi ndi atsogoleri a amayi. A Telala anali pafupi ndi khomo, chipewa chili pa bondo. Sopulano anamukhazika yekha pa kampando kapakati. Kambusa ankazungulira ndi thireyi ya makapu, meto lake likunyezimira.

Lezala analowa atavala jekete yobwereka, manja ake akulekeza m'zigongono.

Atapemphera, abusa anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwana wathu, tamva kuti mtima wakutsutsa ndipo wabwera kudzaulula. Kodi pathupi pa mtsikanayu ndi pako?"

Lezala anaimirira ndipo anakhala chete. Anayang'ana mng'ono wake. Kambusa ankathira tiyi m'kapu ya mkulu wina, ndipo tiyiyo anadzaza, anasefukira m'sosala, koma iye osadzutsa maso. Abusa anatsokomola. Bambo ake anagogoda tebulo ndi chala. Lezala anadikirabe mpaka chete uja anayamba kulemera. Pakamwa pa Kambusa sipanatseguke.

"Ndikuvomera," anatero Lezala.

Bambo ake anapuma mpweya wautali. Sopulano anatseka maso.

"Ndikuvomera monga momwe bambo anandiphunzitsira," anapitiriza, manja atawapinda pachifuwa ngati mwana wa Sande sukulu. "Anati Mulungu ndi wolungama, ndiye payenera kupezeka wolipira. Anatinso ndi wachifundo, ndiye wochimwa sayenera kuwonongeka. Choncho mlandu uikidwe pa wosalakwa. Ine mtsikanayu sindinamugwirepo ngakhale chala, abusa, ndiye pa wosalakwa ndakwanira. Ndabwera kudzasenza tchimo la mng'ono wanga kuti iye apite ku sukulu ali woyera. Mpeni uli kuti? Khosi ndi ili."

Mkulu wina amene ankamwa tiyi anatsamwa, mnzake n'kumamumenya pamsana.

"Waledzera!" bambo ake anakuwa atadzambatuka. "Abusa, mwana uyu ndi chidakwa, mukumudziwa!"

"Lero ayi, bambo. Bwerani mudzanunkhize. Nsembe iyenera kukhala yopanda chilema, ndiye ndadziletsa kuyambira dzulo."

"Khalani pansi nonse," anatero abusa. Anatembenukira kwa Sopulano. "Mtsikana, zimene akunenazi n'zoona?"

"Ndinalumbira kuti sinditchula dzina," anayankha, mawu ake akumveka bwino ngati ali pa kwaya. "Koma sindinalumbire kuti ndinama. Achimwene awa si iwo."

Maso onse anapita kwa Kambusa. Thireyi inayamba kulira m'manja mwake, makapu akugundana. Anatsegula pakamwa, anayang'ana bambo ake, n'kutsekanso. Kenako thireyi inagwa pansi, ndipo pomwe makapu ankamaliza kusweka, mnyamatayo anali atadumpha kale mpanda wa maluwa panja, taye ikuuluka paphewa.

"Wadzidzimuka chabe," bambo ake anatero, thukuta lili kamukamu. "Mwana wofatsa akanamiziridwa..."

"Bambo ake, basi." Anali amayi a Lezala. Anaimirira akugwira benchi. "Ndi zoona, abusa. Mimba ndi ya mwana wanga wamng'ono. Ndinadziwa, ndinakhala chete, ndipo ndinathandiza kukakamiza mkulu wakeyu. Ngati mukudula anthu lero, muyambire ine."

A Telala anavala chipewa chawo m'chipinda momwemo, anagwira mwana wawo pa dzanja, n'kutuluka osatsanzika.

Akulu anakambirana mpaka dzuwa linapendeka. Chigamulo chitatuluka, Lezala anachimvera pa khonde. Sopulano akhalabe wodulidwa mpaka adzabereke ndi kulapa. Nkhani ya Kambusa aiika kaye m'mapemphero, popeza mwini wake sanapezeke kuti ayankhe. Amayi ake awachenjeza kuti asamalankhule asanapatsidwe mpata. Ndipo Lezala, chifukwa chonyoza bwalo, wadulidwa mu mpingo.

"Koma ndine wodulidwa kale," anauza mkulu amene anabweretsa uthengawo.

"Wadulidwanso."

"Mwadula pati, poti panalibe chotsala? Chabwino. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndaona ndi maso."

Lolemba mmawa anapeza loko watsopano pa chitseko cha kachipinda kake. Zipangizo zake zinali panja m'katoni. Anapempha malo pa khonde la wogulitsa zitsulo, anakhomera galasi pa mzati, n'kuyamba kumetera anthu pa kreti. Makasitomala anachuluka kuposa kale, chifukwa aliyense ankafuna kumva nkhani ya nkhosa kuchokera kwa nkhosayo. Ngakhale adazi ankabwera. Lezala ankawaseketsa, koma akaweruka nthabwala zinkamuthera. Kambusa anali atathawira kwa azakhali awo kutauni ina. Amayi ake anasiya kulankhula ndi amuna awo, ndipo mmawa uliwonse ankapita kwa a Telala kukathandiza mtsikanayo, ngakhale masiku oyamba ankawabweza pa geti. Bambo ake akamadutsa pa msewu ankayang'ana kumbali. Lezala ankadzifunsa ngati anakonza chinthu kapena anangoswa nyumba ya amayi ake.

Patapita masabata angapo, tsiku lina atawerama kutsuka zipeso, munthu anakhala pa kreti osalankhula. Lezala anaona m'galasi ndevu zaimvi zosameta ndi maso olowa m'kati.

"Ndimete bwanji, bambo?"

"Mmene umametera onse."

Anawafunditsa nsalu. Anayatsa makina n'kuyamba kumeta.

"Lamulungu kunali mgonero," bambo ake anayamba, akuyang'ana pansi. "Ine ndinanyamula chikho monga mwa masiku onse. Ndinayenda benchi ndi benchi. Nditafika kumbuyo ndinapeza mtsikana uja, amayi ako ali pambali pake. Lamulo likuti wodulidwa timudumphe. Ndadumpha anthu ambiri pa moyo wanga, dzanja silinanjenjemerepo. Koma tsiku limenelo ndinaima pamenepo ngati chitsa. Ndinaganiza, chikho ichi ndi cha ochimwa, ndanyamula ndine, ndipo ndikumana munthu amene ndinafuna kumusenzetsa bodza moyo wake wonse. Ndinapatsa chikhocho mnzanga, n'kukhala pansi pa benchi yomweyo. Madzulo ake ndinakauza abusa kuti ukulu ndautula."

Lezala anazimitsa makina.

"Abusa anati chiyani?"

"Anati ndisapupulume, nkhani izizira, mnyamata akhoza kupita ku sukulu ina chaka chamawa. Ndinati ayi." Anakweza maso n'kumuyang'ana m'galasi. "Ndinakuphunzitsa zokhota tsiku lija. Mulungu, Woweruza wolungama uja, sanayang'ane uku ndi uku kufuna woti amukankhire mlandu. Anatsika pa mpando n'kulipira yekha."

"Koma si anatuma Mwana wake?"

"Atate ndi Mwana ndi amodzi, iwe. Ukanakhala kuti sunkathawa kalasi ukanadziwa."

"Ndiye ine ndi inu si amodzi?"

"Mulungu asalole." Pakamwa pa bambo ake panagwedera ngati pakufuna kumwetulira. Anapisa m'thumba, anatulutsa kiyi, n'kumuika pa bondo. "Tenga. Mawa ndikukwera basi, ndikamutenge mng'ono wako. Tikabwera udzatiperekeze kwa a Telala. Ine ndekha miyendo singandifikitse."

Anapitadi, ndipo anabwera naye. Kambusa anali ataonda, taye palibe, tsitsi litamera mosalongosoka. Atatuwo anayenda mumsewu masana dzuwa lili pamutu, anthu akusuzumira m'mashopu. Lezala ankapereka moni mbali zonse ngati ali pa ukwati.

A Telala anali pa makina awo osokera, tepi ili m'khosi. Atawaona anasiya kupalasa, koma sanawapatse mpando. Sopulano anatuluka m'chipinda cham'kati atanyamula diresi imene ankaisoka mpendero, amayi a Lezala ali pambuyo pake.

Bambo a Lezala anavula chipewa.

"A Telala, ndinakulakwirani, ndipo ndinafuna kusenzetsa mwana wanu bodza. Ndilibe chodzitetezera. Mwini mlandu ndi uyu, ndabwera naye."

"Musauze ine," anatero a Telala mouma. "Nanenso ndinavomera zopusazo. Uzani uyo."

Kambusa anagwada pakati pa zidutswa za nsalu, anatseka maso, anakweza manja.

"Atate wathu wachifundo, Inu amene mumaona zobisika, ndabwera pamaso panu ine kapolo wanu wosayenera..."

"Tsegula maso," anatero Sopulano.

Mnyamatayo anapitiriza pang'ono, kenako mawu anamuthera.

"Mulungu anamva kale, wakhala ukumuuza miyezi yonseyi. Tsopano uza ine."

Kambusa anatsegula maso. Anayang'ana mimba imene tsopano sinkabisikanso, kenako nkhope ya mtsikanayo. Lezala analakalaka kuponya nthabwala kuti amupulumutse, koma analuma lilime.

"Mwanayo ndi wanga," Kambusa anatero pomaliza. "Ndinakunamiza kuti ndidzanena. Unaima wekha kutsogolo kuja, ine ndikuimba. Ndinali wamantha. Ndilibe vesi loti ndinene. Pepa."

"Lamulungu ukanenanso zomwezo pamene ndinaima ine paja?"

"Ndikanena."

"Osaimba?"

"Osaimba."

Sopulano anamuyang'ana nthawi yaitali, singano ili m'manja.

"Ndamva. Ukwati usauganizire, sindikufuna. Kukukhululukira ndiyesa, koma usandithamangitse, si basi. Lachinayi ndi tsiku la sikelo. Kuchipatala kumakhala mzere wautali, ndipo miyendo yanga ikutupa. Ukalawire, ukandigwirire malo. Ukakhale pakati pa amayi oyembekezera mpaka ndifike, ndipo anamwino akakafunsa kuti bambo wa mwana ndani, ukayankhe mokweza."

"Lachinayi lokha?"

"Mwezi uliwonse. Akabadwa tidzakambirana zina. Dzuka, wagwadira nsalu ya kasitomala."

Kambusa anadzuka akukung'untha mawondo. A Telala anakoka mpando ndi phazi n'kuukankhira kwa bambo a Lezala, kenako anayambanso kupalasa makina. Sopulano anabwerera ku mpendero wake.

Lezala anawerama n'kunong'oneza bambo ake.

"Basi? Chigamulo n'chomwechi? Palibe wodulidwa?"

Bambo ake anakhala pa mpandowo pang'onopang'ono, maso ali pa mtsikanayo.

"Ndakhala pa bwalo zaka zonsezi," anatero, "sindinagamulepo mlandu bwino chonchi."